Ming'alu ya pansi pa nthaka imayambitsa bwanji zivomerezi, nanga Lilongwe ndi yotetezeka?

Funso: Ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe muno, ndipo ndikumanga nyumba ya njerwa zootcha imene yafika pa mawindo. Usiku wina m'miyezi yapitayi tinamva nthaka ikunjenjemera kwa kamphindi, ziwiya zikulira m'kabati, ndipo m'mawa mwake pa wailesi ananena kuti zimenezi zimachokera ku ming'alu ya pansi pa nthaka. Sindikumvetsa kuti mng'alu, ngati umene timauona pakhoma, ungagwedeze bwanji mzinda wonse. Anzanga ena akuti tizivomerezi ting'onoting'ono n'tabwino chifukwa timachepetsa mphamvu ya chachikulu, pomwe ena akuti ife a ku Lilongwe tisadere nkhawa popeza tili kumtunda, kutali ndi nyanja. Zoona n'ziti? Nanga akatswiri angathe kutiuziratu tsiku limene chivomerezi chidzabwere?

Yankho: Bambo, kukayika kwanu kukanakhala koona chikhala kuti ming'alu ya pansi pa dziko ikufanana ndi ya pakhoma imene mwaitchulayo, koma ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Mng'alu umene akatswiri a za miyala amautcha fault ulibe mpata ngakhale wolowa nsonga ya mpeni. Ndi malo amene thanthwe lalikulu zedi linaduka kalekale, mbali zake ziwiri n'kukhalabe zogundana, ndipo kulemera kwa miyala yonse ya pamwamba kumazipanikiza mwamphamvu. Pa kuya kwa makilomita 10, kachigawo ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi kamasenza kulemera kopitirira matani awiri ndi theka. Chimene chimasiyanitsa mng'alu wotere ndi kusweka wamba kwa mwala n'chakuti mbali ziwirizo zinasunthapo kale, ina kutsika, kukwera kapena kudutsa cham'mbali poyerekeza ndi inzake, ndipo mphamvu imene inazisunthayo ikadalipo mpaka lero. Chivomerezi ndi kusuntha kumeneko kukachitika mwadzidzidzi. Tiyenera kuona kumene mphamvuyo imachokera, komanso chifukwa chimene matanthwewo amakhalira chete zaka mazanamazana kenaka n'kudumpha pa kamphindi, m'malo mosendera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

Miyala yolimba imene imakuta dziko lapansi inagawika m'zibenthu zikuluzikulu, ndipo zibenthuzi zimayenda pamwamba pa miyala yotentha ya pansi kwambiri, imene si yamadzimadzi koma imatha kusendera pakapita nthawi yaitali. M'madera ena a dziko zibenthuzi zimayenda masentimita angapo pa chaka. Kuno kwathu nkhani yake n'njakuti Africa akung'ambika pang'onopang'ono kuchokera ku Ethiopia kutsika kummwera, m'chigwa chimene chimatchedwa East African Rift. Chibenthu cha kumadzulo chimatchedwa Nubia, cha kummawa chimatchedwa Somalia, ndipo pakati pa ziwirizi pali zina zing'onozing'ono, kuphatikizapo cha Rovuma chimene chanyamula kumpoto kwa Mozambique ndi kummwera kwa Tanzania. Lilongwe ili pa Nubia, pamene tsidya la kummawa kwa Nyanja ya Malawi lili pa Rovuma. Zipangizo za GPS zozikidwa m'matanthwe zimaonetsa kuti mbali ziwirizi zikutalikirana ndi mamilimita ochepa chabe pa chaka, osapitirira atatu, ndipo liwiro limeneli limachepa munthu akamapita kummwera kwa dziko lino. Mlingo umenewu ukuoneka wachabechabe, koma milimita imodzi pa chaka imasanduka mita yathunthu pa zaka 1,000, ndipo kung'ambikaku kwakhala kukuchitika kwa zaka mamiliyoni angapo.

Umboni wake mumauona nthawi iliyonse mukamapita kunyanja. Mukachoka ku Lilongwe, kumene kuli pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, n'kutsika kupita ku Salima, kapena mukatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti, mumakhala mukuchoka pa thanthwe limene linatsala m'mwamba kupita pa thanthwe limene linamira. Madzi a Nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, koma kumpoto nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, kutanthauza kuti pansi pake pali m'munsi mwa mlingo wa nyanja yamchere ndi mamita opitirira 200. Pansi pa madziwo palinso matope ndi mchenga wounjikana makilomita angapo musanafike pa thanthwe lenileni. Chigwa chozama chonchi sichinakumbidwe ndi mitsinje. Chinatsika pang'onopang'ono, mita imodzi kapena iwiri pa chivomerezi chachikulu chilichonse, kwa zivomerezi zikwizikwi. Akasupe a madzi otentha a ku Chiweta m'boma la Rumphi ndi a ku Mawira ku Nkhotakota nawonso amatsata ming'alu yomweyi: madzi a mvula amalowa pansi kwambiri, amatenthedwa ndi miyala ya kumeneko, kenaka amabwerera kumtunda kudzera m'miyala yophwanyika ya m'mbali mwa mng'alu. Izi sizitanthauza kuti pansi pathu pali phiri la moto limene likufuna kuphulika. Mapiri otere apafupi ndi ife ali ku Rungwe m'dziko la Tanzania, kumpoto kwa Karonga, ndipo zivomerezi za ku Malawi zimayamba ndi kusuntha kwa matanthwe, osati chiphalaphala.

Tsopano chifukwa chimene kusunthako kumachitikira mwadzidzidzi. Tengani thumba la chimanga la makilogalamu 50, muliike pa simenti, mulimange ndi mphira wa chubu cha njinga ngati amene a kabaza amamangira katundu, ndipo muyambe kukoka pang'onopang'ono osaleka. Poyamba thumba silisuntha ngakhale dzanja lanu likuyenda. Mphira yekha ndiye amatamuka, ndipo mphamvu yonse imene mukugwiritsa ntchito imasungidwa m'mphiramo. Ikafika nthawi imene kukoka kwa mphira kwaposa kugwirana kwa thumba ndi simenti, thumba limadumphira kutsogolo kamodzin'kamodzi, mphira n'kukhwefuka, thumba n'kuimanso, ndipo mukapitiriza kukoka zonsezi zimabwerezedwa. Dzanja lanu likuimira zibenthu za dziko zimene sizipuma, kugwirana kwa thumba ndi simenti kukuimira kupanikizana kwa mbali ziwiri za mng'alu, ndipo mphirayo ndi matanthwe ozungulira mng'aluwo. Ambiri savomereza msanga kuti mwala ungatamuke, koma umatero ndithu, mochepa kwambiri moti diso silingaone. Ndipo popeza thanthwe lake ndi la makilomita makumimakumi mbali zonse, mphamvu imene imasungidwa m'kutamuka kochepako ndi yoopsa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: mng'alu ukakhala chete pamene zibenthu za dziko zikuyendabe, ndiye kuti mphamvu ikuunjikana.

Amene anafotokoza zimenezi momveka bwino koyamba ndi Harry Fielding Reid wa ku America, pambuyo pa chivomerezi chimene chinawononga mzinda wa San Francisco pa 18 Epulo 1906. Iye anayerekeza miyezo ya malo imene inatengedwa zaka zambiri chivomerezicho chisanachitike ndi imene inatengedwa pambuyo pake, ndipo anapeza kuti malo a kutali mbali ziwiri za mng'alu wa San Andreas anali akusendera pang'onopang'ono kwa zaka zonsezo, pamene pa mng'alu penipenipo panali pomangika. Pa tsiku la chivomerezi, pa mng'alupo panasuntha kamodzi kuti pafanane ndi malo a kutaliwo, moti mipanda ndi misewu yodutsa pamenepo inaduka n'kusiyana, pena mpaka mamita pafupifupi 6. Lipoti lake linatuluka mu 1910, ndipo mfundo yake ndiyo maziko a zonse zimene tikudziwa lero pa nkhaniyi.

Mng'alu sumasuka wonse nthawi imodzi. Kumasukako kumayambira pa kamalo kamodzi kofooka, makilomita angapo pansi pa nthaka, kenaka kumafalikira m'mng'alumo pa liwiro la makilomita awiri kapena atatu pa sekondi, kufikira kutakumana ndi malo olimba kwambiri kapena pokhota pamene kumaima. Kukula kwa chivomerezi kumadalira kukula kwa chigawo chimene chamasuka ndiponso mtunda umene mbali ziwirizo zasunthira. Chikamasuka chigawo cha makilomita pafupifupi 10 m'litali n'kusuntha masentimita makumi angapo, chimenecho ndi chivomerezi cha mphamvu ya 6 pa sikelo yoyezera zivomerezi. Chigawo cha makilomita 40 kapena 50 chikasuntha mita imodzi kapena iwiri, mphamvu imafika pa 7. Sikelo imeneyi, imene Charles Richter anaiyamba mu 1935 ndipo inakonzedwanso mu 1979, imasocheretsa anthu ambiri chifukwa manambala ake amaoneka oyandikana. Kuchoka pa 5 kufika pa 6 mphamvu yotuluka imachuluka maulendo pafupifupi 32, ndipo kuchoka pa 5 kufika pa 7 imachuluka maulendo 1,000. N'chifukwa chake katswiri akaona mng'alu pa mapu, choyamba chimene amayeza ndi kutalika kwake, pakuti mng'alu waufupi sungabale chivomerezi chachikulu ngakhale utakhala chete zaka zochuluka bwanji.

Ming'alu ili m'mitundu malinga ndi mmene mbali zake zimasunthira. Kumene zibenthu zikudutsana cham'mbali, monga ku San Andreas kapena kummwera kwa Turkey kumene chivomerezi cha 7.8 cha pa 6 Febuluwale 2023 chinapha anthu opitirira 50,000 m'dzikolo ndi ku Syria, nthaka imasuntha chopingasa. Kumene zikuwombana, chibenthu china chimalowa pansi pa chinzake, ndipo kumeneko ndi kumene kumachitika zivomerezi zazikulu koposa, monga cha 9.5 cha ku Chile mu 1960 ndi cha ku Japan cha pa 11 Malichi 2011. Ming'alu yathu ndi ya mtundu wachitatu, wa kumene dziko likukokedwa mbali ziwiri: mng'alu umakhala wopendekera, ndipo thanthwe la pamwamba pake limatsetserekera pansi. Zivomerezi za mphamvu ya 9 sizichitika pa ming'alu yotere, koma zimenezi zisatipusitse. Pa 13 Disembala 1910 dera la Nyanja ya Rukwa ku Tanzania, limene lili m'chigwa chomwechi, linagwedezeka ndi chivomerezi cha mphamvu ya pafupifupi 7.4, ndipo mu Febuluwale 2006 ku Machaze m'chigawo cha Manica ku Mozambique kunachitika cha 7.0 chimene chinamveka mpaka ku Harare ndi ku Johannesburg.

Pali chinthu china chokhudza Malawi chimene ndimaona kuti sichinenedwa mokwanira. Mwala umathyoka mwadzidzidzi pokhapokha ukakhala wozizirirapo. Ukatentha kufika madigiri 300 mpaka 450, malinga ndi mtundu wake, umayamba kusendera mwakachetechete osasunga mphamvu. Ku California zivomerezi zambiri zimalekera pa kuya kwa makilomita pafupifupi 15 chifukwa kupitirira pamenepo miyala ndi yotentha. Pansi pa Malawi miyala ndi yakale kwambiri, yozizira ndiponso yolimba, moti zivomerezi zimachitika mpaka pa kuya kwa makilomita 30 kapena kupitirira. Chivomerezi cha ku Salima cha usiku wa pa 10 Malichi 1989, chimene akuluakulu ambiri a mu Lilongwe akuchikumbukira, chinayambira pa kuya kotere. Mphamvu yake inapitirira pang'ono 6, chinapha anthu 9, chinavulaza pafupifupi 100, ndipo anthu pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Tanthauzo la kuya kumeneku ndi lakuti ming'alu yathu ili ndi malo aakulu oti amasuke, kuchokera kumtunda kufika pansi kwambiri, ndipo malo aakulu amabala chivomerezi chachikulu.

Izi zikutifikitsa pa mng'alu umene munthu wa ku Lilongwe ayenera kuudziwa dzina lake, wa Bilila-Mtakataka. Umayenda m'tsinde mwa mapiri a Dedza ndi Ntcheu, kuchokera cha ku Mtakataka kudutsa ku Golomoti kutsikira cha ku Bilila, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo kumpoto kwake kuli pa mtunda wosafika makilomita 100 kuchokera mumzinda uno. Pamene ukudutsa pali chitunda chotsetsereka mwadzidzidzi, m'malo ambiri chotalika mamita oposa 10, chimene anthu amalima m'mbali mwake osadziwa kuti ndi chipsera cha zivomerezi zakale. Akatswiri a za miyala James Jackson ndi Tom Blenkinsop, amene analemba za mng'aluwu mu 1997, ananena kuti utamasuka wonse nthawi imodzi ungabale chivomerezi choyandikira mphamvu ya 8. Akatswiri obwera pambuyo pawo anaona kuti mng'aluwu uli ndi zigawo zingapo zimene zingathe kumasuka pazokhapazokha, ndiponso kuti chitundacho chiyenera kuti chinapangidwa ndi zivomerezi zoposa chimodzi, zimene zikutanthauza kuti zivomerezi zake zingakhale zocheperako pa mlingo umenewo. Ngakhale zili choncho, chigawo chimodzi chokha cha makilomita 30 kapena 40 n'chokwanira kubala chivomerezi choyandikira 7. M'mbiri yolembedwa mulibe chivomerezi chachikulu chochokera pa mng'aluwu, ndipo zimenezi n'zosadabwitsa: popeza dziko lathu likung'ambika mochedwa kwambiri, pakati pa chivomerezi chachikulu ndi chinzake pa mng'alu umodzi pamatha kupita zaka zikwi zingapo. Kukumbukira kwa agogo athu, ngakhale kwa mibadwo khumi, n'kwakufupi kwambiri poyerekeza ndi nthawi imeneyo, choncho mawu akuti kuno sikunagwedezekepo mwamphamvu sangatsimikize chilichonse.

Za ku Karonga mu Disembala 2009 zinaphunzitsa akatswiri zinthu zina. Zivomerezi zinayamba pa 6 Disembala ndi cha 5.8, zinapitirira kwa milungu iwiri, ndipo chachikulu koposa, cha 6.0, chinabwera usiku wa pa 19 kuchera pa 20 Disembala. Anthu anayi anamwalira, mazana anavulala, ndipo nyumba zikwi zingapo zinagwa kapena kuwonongeka. Mng'alu waukulu wodziwika wa kumeneko ndi wa Livingstone, umene uli tsidya la Tanzania m'tsinde mwa mapiri a dzina lomwelo, koma si umene unamasuka. Unamasuka ndi wina wocheperako wa kufupi ndi tauni ya Karonga, umene sunali pa mapu ndipo pambuyo pake unatchedwa St Mary's. Zivomerezizi zinayambira pafupi ndi kumtunda, makilomita ochepa chabe pansi pa nthaka, ndipo n'chifukwa chake zinawononga kwambiri ngakhale mphamvu yake sinali yaikulu. Kuchokera nthawi imeneyo akatswiri a ku Geological Survey Department ku Zomba, mogwirizana ndi anzawo a m'mayunivesite a kuno ndi a ku Britain, akhala akulemba ming'alu yonse imene ikuoneka kuti ikadali yamoyo, ndipo kaundula amene anatuluka mu 2022 ali ndi ming'alu 113, ina ya kumtunda monga ya Zomba, Chingale, Malombe ndi Thyolo, ina ya pansi pa nyanja.

Chimene munamva usiku uja ndi mafunde amene anachoka pamalo omasukawo n'kuyenda m'miyala. Oyamba kufika amapanikiza ndi kumasula mwala motsatira kumene akupita, pa liwiro la makilomita pafupifupi 6 pa sekondi, ndipo nthawi zambiri amamveka ngati kugunda kapena mkokomo wa pansipansi. Achiwiri amayenda makilomita pafupifupi 3.5 pa sekondi ndipo amagwedeza nthaka chopingasa. Amenewa, pamodzi ndi ena ochedwerapo amene amayenda kumtunda kwa nthaka, ndi amene amagwetsa makoma. Mukawerenga masekondi a pakati pa kugunda koyamba ndi kugwedezeka kwachiwiri, n'kuchulukitsa ndi 8, mupeza mtunda wa makilomita kuchoka pamene muli kufika pamene chivomerezi chayambira. Chivomerezi cha cha ku Salima chimapereka masekondi pafupifupi 10 kwa munthu wa mu Lilongwe. Makina oyezera zivomerezi amagwiritsa ntchito mfundo yomweyi, ndipo miyezo ya malo atatu kapena kupitirira imaloza pamene chayambira.

Anzanu amene akuti tizivomerezi ting'onoting'ono timateteza ku chachikulu akulakwitsa pa masamu. N'zoona kuti kalikonse kamatulutsa mphamvu pang'ono, koma kuti mphamvu ya chivomerezi chimodzi cha 7 ithe kudzera m'zivomerezi za 4, zimene ndi zomwe zimaliza ziwiya m'kabati, pangafunike zoposa 30,000, ndiko kuti chimodzi tsiku lililonse kwa zaka pafupifupi 90. Komanso chigawo cha mng'alu chikamasuka chimakankhira katundu wake ku zigawo zoyandikana nazo. N'chifukwa chake pambuyo pa chivomerezi chachikulu pamabwera zina zambiri zotsatira, zimene zimachepa masiku akamapita monga mmene Fusakichi Omori wa ku Japan anafotokozera mu 1894, ndipo n'chifukwa chakenso nthawi zina chaching'ono chimatsogolera chachikulu monga zinachitikira ku Karonga. Zambiri mwa zing'onozing'onozi sizitsatiridwa ndi chilichonse choopsa, choncho palibe chifukwa chogona panja chifukwa cha chimene munamvacho. Chimene chakuuzani n'chakuti ming'alu yotizungulira ikugwira ntchito.

Amene akuti Lilongwe ndi yotetezeka ali ndi kachoonadi pang'ono. Mzinda uno uli kunja kwa chigwa, pa thanthwe lakale lolimba, ndipo ming'alu ikuluikulu yodziwika ili kummawa kwathu, choncho chiopsezo chathu n'chocheperako poyerekeza ndi cha Karonga, Nkhata Bay, Salima kapena Mangochi. Koma miyala yakale yolimba imanyamula mafunde mtunda wautali osawafooketsa msanga, ndipo chivomerezi cha 7 chochitikira pa mtunda wa makilomita 80 chingathe kung'amba ndi kugwetsa makoma osalimba mumzinda uno. Chinanso chofunika ndi dothi limene nyumba yakhalapo. Mafunde akachoka m'thanthwe n'kulowa m'dothi lofewa lodzala madzi amachedwa koma amakula, ndipo kugwedezeka kumatenga nthawi yaitali. Mzinda wa Mexico unawonongeka kwambiri pa 19 Seputembala 1985 ndi chivomerezi chimene chinayambira makilomita opitirira 300 kutali, chifukwa mbali ina ya mzindawo inamangidwa pa matope a nyanja yakale. Kuno kwathu malo ofanana ndi amenewo ndi madambo ndi magombe a mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, kumene anthu akumanga masiku ano atathira dothi pamwamba chifukwa cha kusowa kwa malo. Nyumba ziwiri zofanana, ina pa dothi lofiira louma, ina m'dambo lokwiriridwa, sizingagwedezeke mofanana.

Za kulosera tsiku, yankho ndi lakuti palibe katswiri kapena bungwe lililonse padziko lapansi limene limatha kunena tsiku, malo ndi mphamvu ya chivomerezi chisanachitike, ndipo uthenga uliwonse wa pa WhatsApp wonena kuti chivomerezi chibwera pa ola lakutilakuti ndi wabodza. Chimene akatswiri amatha ndi kuwerengera mwayi woti dera lakuti ligwedezeke mwamphamvu yakuti m'zaka 50 zikubwerazi, ndipo ziwerengero zimenezi ndi zimene mainjiniya amagwiritsa ntchito pomanga. Ku Japan ndi ku Mexico kuli makina amene amachenjeza anthu masekondi ochepa mafunde owononga asanafike, koma amatero chivomerezi chitayamba kale. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala, kuchedwa kwa mvula ndi kulira kwa agalu sizigwirizana ndi zimene zikuchitika makilomita 20 pansi pa nthaka. Ndi bwinonso kusasakaniza nkhaniyi ndi zimene makolo amatcha Napolo, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, pakuti kumeneko kunali kugumuka kwa mapiri chifukwa cha mvula yambiri, osati kusuntha kwa ming'alu yakuya.

Popeza nyumba yanu yafika pa mawindo, muli pa nthawi yabwino yochitapo kanthu. Khoma la njerwa limapirira kulemera kochokera pamwamba, koma ndi lofooka likakankhidwa cham'mbali, ndipo chivomerezi chimakankha cham'mbali, uku ndi uku, kangapo pa sekondi. Nyumba zambiri za ku Salima ndi ku Karonga zinagwa mofanana: makoma analekana pa ngodya, kenaka lililonse linagwa palokha, makamaka kumene njerwa zinamangidwa ndi matope m'malo mwa simenti. Ku Morocco pa 8 Seputembala 2023 chivomerezi cha 6.8 chinapha anthu pafupifupi 3,000, ambiri a iwo m'nyumba za dothi ndi miyala zopanda chomangirira makoma pamodzi. Pambuyo pa za ku Karonga boma lathu linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo mfundo yaikulu m'menemo ndi yoti makoma onse agwirane n'kukhala chinthu chimodzi.

Kwa inu zimenezi zikutanthauza kuti musalole mmisiri wanu kungoika konkire pamwamba pa chitseko ndi zenera lililonse palokhapalokha pofuna kupulumutsa simenti. Pakhale ring beam, ndiko kuti lamba wa konkire wa pamwamba pa zitseko ndi mawindo, yozungulira nyumba yonse mosaduka, kuphatikizapo makoma a m'kati, yokhala ndi zitsulo zinayi zomangidwa ndi mphete, ndipo zitsulozo zipindidwe n'kupitirira pa ngodya m'malo molekera pomwepo. Makoma a kunja akhale a mainchesi 9, njerwa zilumane bwino pa ngodya ndi pamene makoma akumana, ndipo waya wa brick force aikidwe pakapita mizere ingapo ya njerwa. Zenera kapena chitseko chisayandikire ngodya kuposa masentimita 60. Khoma losongoka la kumutu kwa nyumba, limene limakwera pamwamba pa ring beam kukafika ku denga, ndi limene limayamba kugwa kawirikawiri, choncho limangiriridwe ku mitengo ya denga, ndipo dengalo limangidwe zolimba ku ring beam ndi waya wokhuthala kapena zitsulo zozikidwa m'konkire. Ngati pamalo panu madzi amadikha nthawi ya dzinja, funsani injiniya aone maziko musanakweze makoma.

Anthu ambiri a mumzinda uno amasamala nyumba koma amaiwala mpanda. Mipanda ya njerwa yotalika mamita awiri kapena kupitirira, yomangidwa ndi matope popanda zipilala za konkire, imagwa ndi kugwedezeka kumene nyumba yomangidwa bwino singakumve n'komwe, ndipo imagwera pamene anthu amathawira. Chimodzimodzinso thanki ya madzi yoikidwa pa nsanja ya zitsulo zopanda zopingasa. Uzani a m'banja mwanu kuti nthaka ikayamba kugwedezeka ali m'nyumba, agwade pansi, abisale kunsi kwa tebulo lolimba n'kuteteza mutu kufikira kutaleka, ndipo akatuluka akaime pabwalo kutali ndi mpanda, makoma ndi mawaya a magetsi. Pomanga mpanda wanu, ikani chipilala cha konkire chokhala ndi zitsulo pa mamita atatu aliwonse, chozikidwa m'maziko, ndipo pamwamba pa mpanda wonsewo pakhale lamba wa konkire wolumikiza zipilalazo.